Mchira Woyera mu Utsi

Kalekale, anthu asanayambe kusaka ndi mfuti, kunali mwamuna wina dzina lake Kadzamira. Anakwatira kuseri kwa phiri, nakhala komweko pachikamwini. Mkazi wake anali Nachisale. Mwana wawo anali mmodzi yekha, kamtsikana, Tinyade.

M'mudzimo munali mwambo. Masika akatha, chimanga chikalowa m'nkhokwe, masamba akayamba kuyoyoka, amuna onse ankapita ku uzimba. Ankayatsa tchire mbali imodzi, iwo n'kukadikira mbali inayo ndi mikondo. Woyamba kulasa ndiye anali mwini nyama. Wachiwiri ankangolandira mwendo.

Kadzamira sankayamba kulasa. Iye sankaponya mkondo asanaone khutu la nyama ndi miyendo yake. Pamene iye akufunafuna khutu, anzake alasa kale. Chaka chino mwendo. Chaka chinacho mwendo. Chinacho mwendonso.

Mlamu wake Mankhokwe, mchimwene wa Nachisale, ankamuseka pagulu.

"Alamu, mkondowo apatseni amayi azikumbira mbatata. Ukungotopa ndi kuyenda."

Anthu n'kuseka. Kadzamira n'kuwerama.

Tsiku lina atsibweni ake a Nachisale, eni ake a mbumba, anamuitana.

"Mkamwini, mawa ndi uzimba wotsiriza, mvula yayandikira. Mukabwera mkondo uli woyera, wopanda magazi, mudzapinde mphasa yanu mubwerere kwanu. Mwana adzatsala kuno."

"Ndamva," anatero Kadzamira.

M'mawa Nachisale anamuperekeza mpaka pa nkhokwe.

"Abambo a Tinyade, lero lokha musachedwe. Mukangoona chagwedezeka, ponyani."

"Ndiyesa, aNachisale."

"Musayese ayi. Ponyani."

Tsono mverani bwino apa. Panali chinthu chimene Kadzamira sankachidziwa. Chaka chapitacho Mankhokwe anapha mwana wa mbawala, nadula mchira wake, uja woyera kunsi, nauumitsa. Ankakhulupirira kuti mchirawo umaitana nyama. Atsibweni anali ataletsa kale kuti ku uzimba munthu asavale chikopa kapena mchira, ndipo wovala adzamuthyolera mkondo. Choncho Mankhokwe anaubisa m'nsalu. Atalowa m'tchire, anaumangirira kumbuyo m'chiuno.

Moto unayatsidwa. Udzu unayamba kuthetheka. Utsi unakwera, dzuwa n'kufiira. Agalu anauwa uku ndi uku.

Kadzamira anaima pachulu, mkondo uli m'manja. Kumanzere anamva mfuu: "Ndalasa! Yanga!" Kumanja anamvanso: "Ndalasa! Yanga!" Kwa iye, zii.

Anadikira. Thukuta linatsika. Anadikira. Moto unayandikira.

Kenaka anauona. Mchira woyera, uko mu udzu wautali, ukuyenda pang'onopang'ono mu utsi. Anakweza mkondo. Anafuna khutu, khutu osaoneka. Anafuna miyendo, miyendo osaoneka. Mchira wokha.

Pomwepo mu udzumo munamveka mawu aang'ono akuimba:

"Ponya, mkamwini, ponya,
Mchira woyera uwo!
Ukachedwa ukagona kwanu,
Ponya, mkamwini, ponya!"

Kadzamira anati chamumtima, "Kodi nyama imaitana mkondo?"

Anaitana motsitsa mawu, "Ngati ndiwe munthu, yankha!"

Zii. Mchira unangosuntha.

"Ngati ndiwe munthu, yankha!"

Zii. Mankhokwe anamva ndithu, koma ankakwawira nyama imene anainunkhiza pafupi, ndipo sankafuna kuti mlamu wake amutsogolere. Anangoluma mlomo.

Mawu aja anaimbanso, tsopano mofulumira:

"Ponya, mkamwini, ponya,
Mwana wako akutsala!
Mphasa yako yapindidwa,
Ponya, mkamwini, ponya!"

M'maganizo Kadzamira anaona nkhope ya Tinyade. Anamva mawu a Nachisale akuti musachedwe. Mchira uja unali kupita, kupita, pang'ono kulowa mu utsi. Anabweza mkono kumbuyo. Anaubwezanso.

Koma khutu sanalione.

Anatsitsa mkondo. Anatola chibuluma pachulupo, naponya pamene panali mchira. Phu!

"Mayo ine! Ndani ameneyo?"

Mu udzumo munadzuka Mankhokwe, atagwira msana.

Nthawi yomweyo pambali pake panatumpha mbawala yaikazi, yaikulu. Inaima pang'ono, niyang'ana Kadzamira.

"Wandimana, mkamwini. Mchira umenewo ndi wa mwana wanga. Ndinkafuna mkondo wako undilipirire."

Inatero, nikweza mchira wake, n'kulumpha moto, n'kuzimirira pa lupsa. Kadzamira sanathe n'kukweza mkono komwe. Anangokhala pansi.

Mankhokwe anamasula mchira uja msangamsanga, naubisa m'nsalu.

"Alamu, izi zithere konkuno. Mukakanena, mkondo wanga uthyoka. Ndiponso akakukhulupirirani ndani? Inu ndinu obwera."

Kadzamira anadzuka, natola mkondo wake.

Anthu anabwerera kumudzi dzuwa litapendeka. Ena anasenza mbawala, ena agwape, akuimba. Kadzamira anali m'mbuyo mwa onse. Phazi lililonse linkamulemera.

Atsibweni anali atakhala pabwalo.

"Mkamwini, tionetseni mkondo."

Anauonetsa. Unali woyera mbee.

"Simunaone nyama?"

"Ndinaiona."

"Nanga bwanji?"

Kadzamira anayang'ana Mankhokwe. Mankhokwe anayang'ana pansi. Kadzamira anayankha.

"Ndinachedwa."

"Nachisale, katulutse mphasa."

Nachisale analowa m'nyumba, natuluka nayo misozi ili chuchuchu. Tinyade anathamanga, nagwira mwendo wa atate ake.

"Ababa, mukupita kuti? Ndipita nawo."

"Khala ndi amayi ako."

"Iyayi, ndipita nawo!"

Mankhokwe anatembenuka kuti asaone. Potembenukapo, Nachisale anaona msana wake.

"Achimwene, chotupa ichi n'chiyani? Ndi dothi la pachulu ili?"

Mwana ankalirabe. Anthu onse anayang'ana msanawo. Kenaka Mankhokwe anapisa dzanja m'nsalu, natulutsa mchira uja, nauika pamapazi pa atsibweni.

"Ndinauvala ine. Alamuwa anauona mu utsi. Anaitana, ine osayankha. Pamene pagwa chibulumapa ndi pamene pakanalowa mkondo."

Pabwalo panagwa bata. Ngakhale agalu anasiya kulimbirana mafupa.

Atsibweni anadzuka. Anagwira chotupacho ndi chala. Chinali pakati penipeni pa msana. Anachotsa chalacho pang'onopang'ono.

Kenaka anatenga mkondo wa Mankhokwe, nauika pabondo. Thyo!

Anatembenukira kwa Kadzamira.

"Mkamwini, anzanu abwera ndi nyama yakufa. Inu mwatibweretsera mwana wathu wamoyo. Lero bwenzi pano tikumanga chithatha chonyamulira mtembo. Nachisale, kayale mphasa ija pamalo pake."

Nachisale anapukuta misozi, nanyamula mphasa. Tinyade sanausiye mwendo uja mpaka analowa nawo m'nyumba.

Kuyambira chaka chimenecho, m'mudzimo palibe ankaponya mkondo asanaone khutu ndi miyendo. Kadzamira anapitiriza kulandira mwendo, ndipo palibe anamusekanso.

Ndiye inu amene mukumva, mawu akamakufulumizani kuti ponya, ponya, yambani mwafunsa kuti mwini mawuwo akufuna chiyani. Nyama ikathawa, chaka chamawa mudzaipeza. Mkondo ukachoka m'manja, simungauitane kuti ubwerere.

Nthano yanga ya mchira woyera yathera pomwepo.