Nanthowa ndi Kammisiri Kolongolola

Kalekale, mbewa zisanayambe kuopa mphaka, kunali mbewa ina dzina lake Nanthowa. Nanthowa anatenga pathupi.

Masiku amenewo mbewa ikaima, m'mimba mwake munkalowa timisiri ting'onoting'ono toumba ana. Aliyense ndi ntchito yake. Wa makutu ankaumba makutu. Wa mchira ankapota mchira. Koma panali kamodzi kosagwira kanthu. Iko kankangozungulira kakufuula: "Uku n'kumutu! Uku n'kumchira!"

Paja mbewa zimagona masana. Nanthowa akati atseke maso, "Uku n'kumutu!" Akati atembenuke, "Uku n'kumchira!" Tulo osabwera.

Anapita kwa a Mfuko, sing'anga wa pansi pa chulu, kukadandaula. A Mfuko anamufunsa ngati ankadziwa ntchito ya kammisiriko. Iye anati ntchito yake ndi phokoso basi. A Mfuko anamupatsa phula kuti ameze. Phula lija linatsika, n'kukamata pakamwa pa kolongolola kaja. Zii.

Nanthowa anagona masiku atatu.

M'mimba muja ntchito siinaime. Wa mchira anapota mchira uku, anaona malo uko, napotanso wina. Wa maso anazungulira maso ali m'manja, kufunafuna mutu. Mutu osaoneka. Wa mano anatopa kudikira, anakhala pansi n'kuyamba kuseweretsa manowo bawo.

Nanthowa podzuka anamva ngati wameza zingwe. Anathamangiranso kwa a Mfuko. Iwo anaika khutu pamimba, namvetsera, namvetseranso.

"Mayi, ana ndi asanu," anatero a Mfuko. "Michira ndawerenga isanu ndi inayi. Mutu palibe ndi umodzi womwe."

"Nanga adzayamwa ndi chiyani?" anafunsa Nanthowa, misozi ili chuchuchu.

A Mfuko anamuuza kuti akagone chagada pathanthwe dzuwa lili paliwombo, kuti phula lisungunuke. Nanthowa anagona. Thanthwe linaotcha, iye osasuntha. Kabawi anazungulira m'mwamba, iye osasuntha. Kenaka anamva kachifuwa m'mimba, ndi timawu tosasa: "Uku... n'kumutu."

Koma ana anayi anali ataumbidwa kale, mchira uku, mchira uku. Amenewo sanabadwe, anathera m'mimba momwemo. Wachisanu yekha ndiye anali asanathe kuumbidwa. Dongo loumbira ana nalo linali litathera kumichira. Timisiri tija tinapalapala zotsala, n'kuumba kamutu kakang'ono kosongoka.

Mwana anabadwa, nayamwa. M'mawa uliwonse Nanthowa ankamugwira n'kuwerenga mitu yake. Umodzi. Ankawerenganso kuti atsimikize. Umodzi.

N'chifukwa chake mpaka lero mbewa ili ndi mchira wautali koma kamutu kochepa. Ndiye inu, musanamutseke pakamwa wina, yambani mwafunsa kuti mawu akewo akugwira ntchito yanji.

Nthano yangayi yathera pamenepa, ku mchira.