Mabuleki Osalira a Torleif

Mu bekale ya Torleif Haukås, kumunsi kwa Sandviken mumzinda wa Bergen, buledi ankatuluka mu uvuni kusanache. Chuma cha Torleif chinali manja ake. Ufa ankakanda yekha, makina ankawanyoza, ndipo anthu a m'nyumba za kuphiri sankadya buledi wa wina aliyense. Okawatulira pakhomo anali achinyamata awiri, Sunniva ndi Jostein, pa njinga zikuluzikulu za bokosi kutsogolo. Pokwera phirilo linali thukuta, potsika linali pemphero.

Dzinja litafika, mvula ikugwa ngati kumwamba kwabooka, akhonsolo anayamba kumwaza mchere ndi timiyala m'misewu kuti isamaterere ndi chisanu, monga mwa chaka chilichonse. Mapadi a mabuleki anali atatha, ndipo Torleif anabwera ndi atsopano. Sunniva atang'amba paketi, nkhope yake inagwa.

"Bwana, awa ndi ofewa aja, a utomoni. Kukamatentha alibe vuto, koma m'matope muno mchenga uwanyambita ngati shuga. Tigulireni achitsulo."

"Achitsulo? Olira ngati nkhumba yophedwa aja?" anatero Torleif, akusasa ufa m'manja. "Chaka chatha Mayi Fosse anatsala pang'ono kusiya kundigula buledi chifukwa chowadzutsa m'mamawa. Munthu amafuna buledi pakhomo, osati maliro."

"Ndiye kuti tulo ta Mayi Fosse n'tofunika kuposa makosi athuwa?"

"Pofunika buleki ndi pakamwa pakopo, mtsikana iwe. Manga mapadiwo, buledi akuzizira."

Jostein anaseka, poti bwana akanena nthabwala wantchito amaseka. Sunniva anangoluma mlomo n'kutenga sipanala.

Masabata oyambirira njinga zinkatsika mwakachetechete ngati mphaka, ndipo Torleif ankayenda chifuwa chili patsogolo. Koma madzi amchenga aja ankalowa pakati pa padi ndi kambale kachitsulo ka pagudumu, n'kumapala pang'onopang'ono. Padi yofewa sidandaula, imangotha. M'mawa wina Jostein anafinya buleki pa kona yotsetsereka ya kumtunda, njinga n'kukana kumva. Anakawomba mpanda, dzanja lamanzere n'kuthyoka, gudumu lakutsogolo n'kupindika.

Apa ndi pomwe munthu wamtima akanaima n'kudzifunsa. Torleif anayamba wayang'ana bokosi, ndipo ataona kuti silinasweke, anapuma mpweya wautali.

"Mnyamata ameneyu amathamanga ngati akuthawa apolisi," anatero. "Mabuleki alibe mlandu."

Kuchipatala sanapondeko, ati uvuni susiyidwa wokha. Anangotumiza mabanzi. Mabanzi, abale, kwa munthu amene wathyokera dzanja pa ntchito yako!

Mawa lake Sunniva anagwada pambali pa njinga yake, yomwe tsopano inali yokhayo yoyenda, n'kuunika mapadi ndi tochi.

"Bwerani muone nokha, bwana. Atsala ngati chikhadabo."

"Afika Loweruka amenewo."

"Iwo afika Loweruka, nanga ine? Munandilemba ntchito yogawa buledi, osati yoyesa manda. Ikani achitsulo, apo ayi ine sindikwera."

"Ukuyesa njinga imayenda ndi dzina lako? Ndinayamba kupalasa m'mapiri muno iwe usanabadwe."

Sunniva anavula chisoti, anachipachika pa msomali pamodzi ndi jekete la mvula, n'kutuluka. Pakhomo anatembenuka.

"Potsika musadalire buleki, bwana. Tsikani muzikankha."

Torleif anangotsonya. Iye, mwini bekale, kukankha njinga anthu akuona? Analongedza buledi n'kukwera phiri, mvula ikumumenya kumaso. Anasiya thumba pakhomo pa Mayi Fosse popanda ngakhale galu kuuwa, ndipo mumtima anadzitama kuti ntchito imagwiridwa chonchi.

Kenako anatembenuzira njinga kumunsi. Msewu unali ukung'anima ndi madzi. Pa kona yoyamba anafinya, njinga inazengereza koma inamvera. Pa yachiwiri anafinya mpaka zala kugunda chiwongolero. Panamveka kukwecha kwa chitsulo pa chitsulo, kulira kumene ankadana nako kuja, koma kunalira mochedwa. Bokosi lolemera linamukoka ngati ng'ombe yolusa. Anayesa kukwekweretsa mapazi, nsapato zinangoterereka. Khoma lamiyala litamuyandikira, anachita zimene munthu aliyense amachita, anatsogoza manja.

Bekale inatsekedwa. Mayi Fosse anadandaula masiku awiri, kenako anapeza wina wowagulitsa buledi. Dokotala anamuuza Torleif mosapita m'mbali kuti mafupa alumikizana, koma zala za dzanja lamanja sizidzafumbatanso ngati kale. Kukanda ufa aiwale.

Tsiku lina masana, ali chigonere m'chipatala manja onse awiri m'zikhakha, anamva mpando ukukokedwa. Anali Jostein, amene anabwera kudzaonetsa dzanja lake n'kumva kuti bwana ali m'chipinda cha pamwamba. Kapu ya madzi inali pa tebulo, pafupi pomwepo, koma Torleif anali ataiyang'ana kuyambira m'mawa osatha kuinyamula. Jostein anaitenga ndi dzanja lake labwinolo n'kumumwetsa.

Torleif anamwa, maso ali kudenga. Kenako anayankhula.

"Sindinkathamanga, Jostein. Ndinafinya ndi mphamvu zanga zonse."

"Ndikudziwa, bwana," anatero Jostein, akumupukuta chibwano. "Inenso sindinkathamanga."

Phiri lija silinasinthe, ndipo mvula ya ku Bergen sifunsa kuti pa njinga pakwera bwana kapena wantchito. Kugwa kwa Jostein kunali belu lomuchenjeza Torleif, koma iye analitsekera makutu poti magazi sanali ake. Akuluakulu sananame: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.