Masikirini Awiri a Mlamu

Wokonza makompyuta wina anafika kutada, chikwama paphewa, miyendo ili lendelende. Nyumba yatsopano ya mlongo wake anali asanaipondepo. Chipinda chakutsogolo chinali situdiyo ya mlamu wake, wojambula zithunzi.

Anamupeza mlamuyo atagwira tsaya. Patebulo panali masikirini awiri: ina yoyang'ana makasitomala, ina yoyang'ana mwini wake.

"Kompyuta ikangozima n'kuyakanso, amasinthana," anatero mlongo wake. "Dzana mayi a mkwatibwi anaona zithunzi za mwana wawo zisanakonzedwe, ziphuphu zonse poyera. Akubweranso mawa. Akuti zikachitikanso, ntchito aipereka kwina."

"Ndinakwatira wailesi ine," anang'ung'udza mlamu.

Mlendoyo anasuzumira kuseri kwa tebulo. Mawaya ali piringupiringu.

"Alamu, matenda ndawaona. Waya uyu watha, kompyuta ikuchedwa kuizindikira sikirini yanuyi. Tisinthe waya, tiiuze yaikulu ndi iti. Tizimitse, tiyatse, tione. Kokani mpando muphunzire."

"Sukulu m'nyumba mwanga? Ine mankhwala ndinapeza kale: sindiizimitsa mpaka ntchitoyi ithe. Kagoneni, tidzaona mawa."

"Mawa ndili pamsewu."

"Mumangotero inu. Mungapite osamwa tiyi?"

Mlendoyo analibe mphamvu zokokana. Misewu inali itamudya msana. Anayala pasofa, nagona.

Mbandakucha anamva firiji itakhala chete, kenako n'kubuulanso. Magetsi anali ataphethira, ndiye kuti kompyuta ija nayo inali itazima. Anavala nsapato, nagogoda kuchipinda. Anamuyankha ndi mkonono. Anagogodanso.

"Mawa, alamu," anatero mawu a m'bulangete.

"Mawa lake ndi lino."

Mkonono unayambiranso. Mlongo wake anamuperekeza mpaka pageti, akupukusa mutu.

Basi itatuluka m'tauni, foni inalira.

"Alamu! Asinthana! Amayi aja ali pakhomo. Waya uja ndi uti?"

"Wakuda."

"Onse ndi akuda!"

"Wa sikirini yanu. Utsateni ndi chala."

"Ndazula wina, zonse zathima! Tsikani, bwererani!"

"Basi si yanga, alamu."

Chapatali ankamva mlongo wake akulonjera alendo, kenako mawu a mayi wina akufunsa ngati zithunzi zakonzeka. Basi inalowa m'chigwa, netiweki inaduka.

Anaika foni m'thumba, natsamira zenera. Dzuwa linali litangotuluka, udzu wa m'mbali mwa msewu wayamba kale kuuma. Akuluakulu sananame: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.