Hotisipoti ya Ndaziona

Pagolosale ya bwana Chikadza antchito ankasewera ndi bwana wawo makhadi a pafoni nthawi ya nkhomaliro, ndipo wogonjetsa bwanayo ankalonjezedwa kupuma Loweruka. Palibe amene anapumapo. Zikawaipira, bwana ankachedwa dala kuponya khadi lililonse mpaka nkhomaliro ithe. Kenako ankamutuma mnzawoyo ntchito, masewero n'kumuwerengera wosayankhayo kuti wathawa.

Ndaziona, mmodzi wa antchitowo, ankalifuna Loweruka limenelo, chifukwa kunali chinkhoswe cha mng'ono wake. Asanayambe anati, "Bwana, musawononge bandulo yanu. Lumikizani ku hotisipoti yanga."

"Mwana woleredwa bwino," anatero bwana, nalumikiza.

Posakhalitsa Ndaziona anatsala ndi makhadi awiri. Bwana anayamba kukanda chibwano.

"Ponyanitu, bwana."

"Ndikuganiza, iwe. Nzeru sathamangira."

Anaganiza choncho mpaka nthawi ya ntchito inakwana. Pamenepo analoza katoni ya sopo. "Foni m'thumba. Kasiye iyi kwa mayi Nanthambwe kumsika."

Ndaziona anasenza katoniyo osawiringula. Anatsika pakhonde, nadutsa geti, hotisipoti ili naye m'thumba. Atangoponda msewu, foni inanjenjemera. Anaisuzumira: mnzanu waduka pamasewero, mwapambana.

Bwana anatulukira pakhonde atakweza foni yawo m'mwamba, antchito ena akubisa nkhope kuseri kwa mashelefu.

"Ndaziona, bwerera! Wapita nayo netiweki!"

Iye anatembenuka, napinda maondo mwaulemu, katoni ili pamutu.

"Mwandituma nokha, bwana. Ndikasiye kaye sopo, mayi Nanthambwe angadikire."