Ndege ya a Sylvester Inathera pa Perekani-perekani

Ku Pangani, mumzinda wa Nairobi ku Kenya, m'fulati ya pamwamba penipeni, munkakhala a Sylvester ndi akazi awo a Rosina, pamodzi ndi khanda lawo Chance. A Sylvester ankagwira ntchito kubungwe lina lalikulu ku Upper Hill. Anali munthu wansangala, woti akaseka ngakhale mlonda wa pageti ankaseka nawo osadziwa n'komwe nkhani yake. Chilema chawo chinali chimodzi: chinthu choti achite lero ankachikankhira mawa, mawa likafika n'kulipezeranso mawa lake.

Kubadwa kwa Chance kunawasiyira ngongole pakhadi la kubanki, lija munthu amagulira zinthu n'kumalipira pambuyo. Chipatala, kabedi ka mwana, filiji, zonse zinakwera pakhadipo, ndipo chiwongoladzanja chinkangotupa mwezi ndi mwezi. Kenaka banki ina inabwera ndi nkhani yokoma: samutsirani ngongole yanu kwa ife, chaka chathunthu simulipira chiwongoladzanja. Lamulo linali limodzi basi, kupereka kagawo ka mwezi uliwonse tsiku loikika lisanadutse. Kuchedwa kamodzi kokha, chisomo chonse chathera pomwepo.

A Sylvester anasamutsa ngongoleyo akuimba mluzu. Ndalama zomwe zinkapulumuka a Rosina ankazisunga, chifukwa banjali linali ndi cholinga: pa Khirisimasi apite ku Ntcheu, agogo akamunyamule Chance, amene ankangomudziwira pachithunzi. A Sylvester anali ataimba kale foni kumudzi. "Muuze onse, tikubwera pandege! Lawson akatidikire kubwalo la ndege ku Lilongwe." Lawson anali mng'ono wawo, ndipo uthengawo anaufalitsa mpaka kumsika.

Miyezi inayenda bwino, chifukwa a Rosina ankachita kuwakankha ngati wilibala. Lachisanu lina kumayambiriro kwa Novembala anawapatsira ndalama m'manja.

"Bambo a Chance, tsiku lomaliza ndi Lolemba. Mukalipire lero lomwe, musakadutse kwina."

"Mayi, mumandiyesa mwana? Ndikalipira nthawi ya nkhomaliro."

Kupita anapitadi. Koma atasuzumira m'bankimo anapeza mzere wafika pakhomo n'kukhotera panja. Anayang'ana wotchi, nayang'ana mzere, m'mimba namo mukulira. "Aaa, Lolemba ndi tsikunso," anatero, n'kubwezera ndalama m'thumba la jekete.

Tsoka ilo, jekete lomwelo ndi limene anavala Loweruka ku ukwati wa Percy ndi Veronica, achinyamata a kwathu amene anakumana pasukulu mu Nairobi momwemo. Inu, ukwati umenewo! Amalawi onse a mumzindawo anakhamukira kuholo, zitenje zili waliwali, nyimbo za kumudzi zikugunda mpaka m'chifuwa. Alendo a ku Kenya ankangodabwa kuona anthu akuluakulu akuvina n'kumaponya ndalama m'lichero. Woyendetsa mwambo anali a Dunstan, munthu wa pakamwa pakuthwa, wodziwa pomwe mwamuna amamva kuyabwa.

"Amayi a ku Mulanje avina, tawaona! Ana a sukulu avina, ngakhale alibe kanthu! Nanga Angoni a ku Ntcheu ali kuti? Kapena ku Upper Hill malipiro sanatuluke?"

Holo yonse inafa ndi phwete. A Sylvester magazi anawira. Anadzambatuka, napita patebulo la osintha ndalama, ndipo ndalama za banki zija zinasanduka mpukutu wa timapepala ting'onoting'ono. A Rosina anawakoka jekete.

"Bambo a Chance, ndalama zimenezo ndi ziti?"

"Mayi, musandichititse manyazi pagulu. Alawansi ya kuntchito ikutuluka mkati mwa sabata, tibweza."

Kunena zoona, anavina. Anaponda ngoma ya kwawo mpaka fumbi kutuluka m'simenti, dzanja likuwaza ndalama ngati akufesa mawere. Amayi analuluta, mkwatibwi analira ndi chimwemwe, a Dunstan anawatcha Mngoni weniweni. Tsiku limenelo a Sylvester anabwerera kunyumba ali mfumu.

Lolemba linadutsa. Alawansi inatuluka Lachinayi, koma kunagwa mvula, ndipo iwo anati banki sithawa. Analowa m'bankimo sabata yotsatira, akumwetulira ngati kale. Mayi wa pakauntala anayang'ana pakompyuta, n'kupukusa mutu.

"Pole sana, mzee," anatero, kuwapepesa bambowo m'Chiswahili. Anawafotokozera mwaulemu kuti pangano lija linafa tsiku lomwe anachedwa. Panali chindapusa cha kuchedwa, ndipo chiwongoladzanja chinali chitabwerera pangongole yonse, kuwerengera kuyambira tsiku lomwe anaisamutsa.

"Koma ndangochedwa pang'ono! Ndalama ndi izi, ndabwera nazo!"

"Ndikumva, mzee. Koma munasayina nokha."

A Sylvester anatsika pa Pangani m'minibasi zija amati matatu. Manyazi anawagwira, ndipo anaopa kwambiri, pakuti ankadziwa kuti njira yoletsera ngongoleyo kutupa inali imodzi: kuithira ndalama za matikiti. Atafotokoza, a Rosina anangopitiriza kumuyamwitsa mwana. Mtima unawapweteka zedi. Ndalama zimenezo anazisunga podzimana, nsapato imodzimodziyo chaka chonse.

"Ndiye tiimbe kumudzi kuti sitibwera," anatero a Sylvester ndi mawu a pansi.

"Ndani sabwera? Amayi anu akhala akuwerenga miyezi. Mwana uyu agogo ake amunyamula chaka chino, kaya ndi pandege, kaya ndi pamsana. Kalipireni ngongoleyo mawa m'mawa, ndipo ndikupita nanu. Zotsalazo tikagula matikiti a basi."

Anaterodi. A Sylvester anaima pamzere wa kubanki osadandaula, a Rosina ali pambali ngati wapolisi.

Ulendo wa basi unali ulendo. Anadutsa Namanga, nalowa m'Tanzania, basi ikukwera mapiri mochita kubuula, ikuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. A Sylvester, munthu wamtali, mawondo anali pachibwano, chikwama cha matewera pamiyendo, thumba la anyezi la mayi wina likuwatsamira paphewa. A Rosina mkwiyo unawathera panjira. Ankagula nthochi zootcha pawindo, Chance akudutsa m'manja mwa anthu a m'basimo ngati mwana wa onse. Nthawi ndi nthawi ankawagunda amuna awo ndi chigongono.

"Bambo a Chance, mangani lamba, ndege ikutera."

Pa Songwe anawoloka wapansi, nakwera basi ina, kenaka inanso. Pofika pa Ntcheu dzuwa lili pamutu, anapeza Lawson ndi abale ali m'mbali mwa msewu. A Rosina anatsika ali chilili, mwana kumsana. A Sylvester miyendo inali itatupa, itachita dzanzi, moti atangoponda pansi mawondo anakana, n'kugwira dothi ndi manja onse awiri.

"Achimwene, ndege zake zimatera chonchi masiku ano?" anafunsa Lawson.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, a Sylvester nawonso akuseka ali chogwada pomwepo. Amayi awo sanawayang'ane n'komwe. Anali atamulanda kale Chance kumsana kwa mpongozi wawo, akuvina naye, akululuta, misozi ili mbwembwembwe. Chimwemwe chinali chenicheni, ndipo palibe amene anachichepetsa. Koma munthu amene anathawa mzere wa nthawi ya nkhomaliro anafika kwawo akukwawa, pamaso pa mudzi umene anaulonjeza ndege. Akuluakulu sananame pamene anati zengerezu adalinda kwawukwawu.