Tambala wa Chinkhoswe Anakalirira ku Yanchep

Kutchalitchi anthu akhala akunong'onezana, ati a Petro ali ndi mkazi wina ku Mandurah. Ati Loweruka lija wina anawaona kumeneko atatchena suti yabuluu, katoni ili m'khwapa, pamene abale awo onse anali ku chinkhoswe ku Canning Vale. Bodza lenileni! Mkazi wa a Petro ndi mmodzi, mayi Consolata. Chimene chinawazunguza mutu bambowa ndi sitima.

Abale inu, a Petro ankaikonda sitima. Kwawo ku Ntcheu anakulira m'maminibasi, anthu anayi pampando wa atatu, thumba la mbatata la eni ake lili pamiyendo. Atafika kunja kuno ku Perth n'kukwera sitima koyamba, mtima unatsalira momwemo. Koma basi ya kuno ankaitcha ngolo ya magalasi, ati imaima paliponse, imakhotakhota, imakupeta ngati mpunga.

"Koma sitima," ankatero atatsinzina, "ukhoza kuika kapu ya tiyi pabondo, osatayika ndi dontho lomwe."

Tsono Ezra, mwana wa mlongo wawo, anapeza mbeta, dzina lake Fortunate. A Petro monga malume ndiwo anali nkhoswe wamkulu, ndipo ntchito yawo inali imodzi: kufika ndi tambala wamoyo, kumupereka kwa akuchikazi, n'kulandira thadzi. Tambalayo anakamugula kwa mlimi kunja kwa tauni, namubisa m'katoni yoboola, poti nkhuku saziloleza m'sitima.

Tsikulo galimoto inanyamuka m'mawa itadzaza azimayi ndi mapoto. A Petro anatsala ndi mng'ono wawo, a Obby, pa siteshoni ya Murdoch.

"Achimwene, basi iyi ikatitula pakhomo penipeni pa holo," anatero a Obby.

"Iwe, nkhoswe wamkulu afike pa basi ngati mwana wasukulu? Ndikwera sitima, nditsika pa Cockburn, siteshoni yotsatira yomweyi, n'kusintha ina. Ukandipeza nditakhala kale."

"Ndiye ndipatseniko tambalayo."

"Tambala amayenda ndi mwini mwambo."

Anakwera, nathimitsa foni, ati anthu aulemu saliritsa mafoni m'sitima. Koma munthuyo anali atangoweruka kumsika wa zamasamba kumene amagwira ntchito usiku wonse. Kamphepo kozizira kaja, kuyenda kwa myaa kuja, mphindi zinayi zinakwanira. Anadzidzimuka sitima itaima ku Mandurah, kumapeto kwa njanji.

Sanadandaule. "Nthawi ilipo," anadziuza, nakwera yobwerera. Ulendo uno anaimirira, atagwira chitsulo zolimba. Koma mtsikana wina wachizungu ataona imvi ananyamuka n'kuwasiyira mpando. Nanga munthu wamkulu akane ulemu? Anakhala.

Cockburn inadutsa. Murdoch inadutsa. Sitima inalowa pansi pa nthaka m'tauni, ndipo itatulukira kuwala, tambala anayesa kwacha. Kokoliriko! Azungu anakweza mitu pa mafoni awo, kuyang'anayang'ana. A Petro anangotembenuka, maso ali tsinzi.

"Consolata, katsegule khola."

Uko ku holo zinthu zinali zitaima. A Chiko, malume a Fortunate, anali atafukata thadzi maola atatu mpaka suti yawo inachita mawangamawanga. Nyimbo zinatha, anayambiranso zomwe zija. Fortunate analira mpaka zopaka kumaso zinatsikira pa diresi.

"Kodi akuchimuna," anafunsa a Chiko mofatsa, "mwana wathuyu mukumufunadi, kapena tinyamuke?"

Mayi Consolata anatuluka. Anabwerako kusitolo ndi nkhuku yootcha, yotentha, ili m'jumbo, naikankhira m'manja mwa a Obby. A Obby anagwada pakati pa holo, thukuta lili kamukamu, n'kuipereka ndi manja awiri.

A Chiko anaiyang'ana nthawi yaitali, nainunkhiza.

"Taona zambiri kunja kuno, koma tambala wothira kale mchere sitinamuonepo. Tilandira, chifukwa ana akondana. Koma nkhoswe wathu ndi uyu wagwadayu. Mwana wathu akadzavutika, tidzagogoda kwa munthu amene tamuona ndi maso."

Nthungululu zinalira, basi zinathera pomwepo.

Nthawi imeneyo mlonda wa sitima anali akugwedeza a Petro paphewa ku Yanchep, kumapeto enanso kwa njanji, kumpoto kwenikweni. Anali munthu waulemu, mpaka anamuyamikira tambalayo kuti ndi wokongola. Koma anati katoniyo sikweranso. A Petro anakhala pabenchi, nayatsa foni. Mamisikolo makumi anayi ndi awiri! Anaimbira mkazi wawo.

"Mayi, auzeni adikire pang'ono, ndili pafupi."

"Pafupi ndi kuti, bambo?"

"Yanchep."

"Tikusesa m'holo. Dikirani pomwepo, ankhoswe akubwera kudzakutengani."

"Ankhoswe ake ati?"

Foni inaduka.

Dzuwa likupendeka, a Obby anatulukira pa kagalimoto kobwereka ka mnzawo womanga nyumba, atamangabe tayi. Kutsogolo kunali thadzi lija, poti ndi la nkhoswe. A Petro anakhala kumbuyo pakati pa zitini za penti, katoni ili pamiyendo, ndipo njira yonse sanaphethire.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. A Petro analira ulendo wosagwedeza, anaupeza, ndipo unawagonetsa mpaka unkhoswe unapita kwa mng'ono wawo amene ankamutuma madzi. Pano akuti anawalanda udindo mopanda chilungamo. Koma tanenani inuyo, banja lanu litayamba kuyaka moto, mungaitane nkhoswe amene angayankhe kuti, "Ndikubwera pa sitima"?