Mwini Nyimbo ya Msuku

Kalekale, amatero oyamba nthano, koma kale la nthano iyi lili ndi tsiku lake. Linali Loweruka masana, pa 9 Novembala. M'holo ina ku Zomba munali anthu mazana atatu ndi khumi ndi awiri, ndipo pansanja panali oimba makumi atatu: a mavayolini, a zitoliro, a malipenga ndi a ng'oma. Unali mpikisano wa nyimbo zatsopano. Lamulo la komiti linali lakuti nyimbo yopambana ijambulidwe, iziulutsidwa pa wailesi, ndipo dzina la mwini wake litchulidwe pamaso pa anthu onse. Pa fomu panali mzere umodzi wokha wolembapo dzinalo. Inapambana nyimbo yotchedwa Msuku, imene inadutsa m'manja mwa akazi atatu.

Woyamba anali Nangondo, mayi wa ku Ntcheu, amene anakhala pabanja zaka khumi ndi chimodzi popanda mwana. Amuna ake, a Kamwendo, sankamumenya, koma nkhani ya mitala sinkachoka pakamwa pawo. Nangondo sankayankha m'nyumba. Ankayankhira pamtondo, pamene mwambo umalola mkazi kuimba zakukhosi kwake, ndipo zoimbidwa pamenepo zimathera pomwepo. Akukonola chimanga anapeka mawu awa ndi maimbidwe ake omwe:

Msuku wanga, msuku we,
ukabala akugenda,
ukapanda kubala akudula,
nanga uime pati?

A Kamwendo sanaimvepo nyimboyi, pakuti nthawi yokonola ankakhala ali kudimba.

Wachiwiri anali Mwatitha, mwana wa mkulu wake wa Nangondo, wophunzira za nyimbo ku yunivesite. Anaimva nyimboyi atapita kumudzi patchuthi, ndipo inamusowetsa mtendere. Mphunzitsi wake wina anali atamuuzapo kuti akazi amaimba bwino, koma kupeka nyimbo ya oimba makumi atatu n'kwa amuna. Miyezi isanu ndi iwiri Mwatitha analemba gawo la chida chilichonse. Mavayolini anawapatsa kulira kwa mphepo m'masamba a msuku, zitoliro zinakhala njiwa, malipenga anakhala nkhwangwa ikuyandikira. Anaitanitsanso mtondo weniweni kuti munsi uzitsogolera oimba onse. Koma chimodzi sanachite: sanapemphe chilolezo kwa mayi ake aang'onowo. Anangowatumizira uthenga kuti abwere adzaone chinthu chabwino. Nangondo anabweradi, ndipo a Kamwendo anamuperekeza.

Wachitatu anali Zione, woimba ndi mawu. Nyimbo itafika pakati, panachitika tsoka limene mkazi aliyense wa kumudzi akanaliona likubwera. Mtondo anauika pansanja wopanda kanthu, ndipo munsi anaupereka kwa woimba ng'oma, mwamuna amene chibadwire sanasinjepo. Mtondo wopanda chimanga sasinja. Munsi unanjanja, mtondo unagwa n'kugubuduka mpaka kumapazi a oimba zitoliro. Mavayolini anasokonekera, malipenga analowa nthawi isanakwane, ndipo wotsogolera oimba, a Chirambo, anangoima kandodo kawo kali m'mwamba. M'holo munayamba kuseka. Zione sanasiye. Anavula nsapato, nayamba kuponda matabwa ndi chidendene monga munsi ugundira, ndipo pomwepo anapeka ndime imene panalibe anailemba, yochokera m'chisoni chake chomwe, pakuti iye anaika mwana m'manda chaka chapitacho:

Mudule thunthu, mutenge nkhuni,
muzu sumuuona.

Mmodzimmodzi oimba anatsata chidendene chake, nyimbo n'kudzukanso. Oweruza ananena poyera kuti ndime imeneyi ndi imene inawagwira mtima.

Tsono mlembi wa komiti anapita kuseri kwa nsanja, fomu ili m'manja, napeza atatuwo ataima pamodzi.

"Ndakupatsani mphindi khumi," anatero mlembiyo. "Mukapanda kugwirizana, ndilemba a Chirambo, monga timachitira chaka chilichonse. Anthu akudikira."

Nangondo anasuzumira pa katani. A Kamwendo anali pa mzere wachitatu, akuombabe m'manja, akuuza munthu woyandikana nawo mokweza kuti, "Achimwene, mwamuna wa m'nyimboyi ndi chitsiru! Mtengo wakewake n'kumauopseza ndi nkhwangwa?"

Nangondo anabweza katani.

"Iwe Mwatitha, wandiika pati mwanawe?" anafunsa motsitsa mawu. "Za pamtondo wazikweza pansanja. Mukatchula dzina langa, bambo ajawa adziwa kuti chitsirucho ndi iwo, ndiye ine ndikalowera khomo liti? Koma mukapanda kulitchula, ndiye kuti ndakonola ine, mphale atenga ena. Mwana ndilibe. Chimene ndabereka pa dziko pano ndi nyimbo yomweyi."

Mwatitha anagwada. "Ndalakwa, mayi, sindikukana. Koma ikanapanda kulembedwa, nyimboyi ikanathera kuseri kwa nkhokwe. Miyezi isanu ndi iwiri ija ndinalembera kuti aone kuti mkazi amapeka. Likapanda kulembedwa dzina langa, aphunzitsi aja adzati suja tinanena."

"Inu achemwali, mapepala anuwo anagwa limodzi ndi mtondo," anatero Zione. "Anthu anayamba kuseka, munawamva. Ndinaitola ine nyimboyi ili pansi, ndipo chimene ndinaikamo sindinabwereke kwa munthu. Kapena woimba ndi lipenga chabe, loti akatha kuliza alipukute n'kulibwezera m'bokosi?"

"Zatsala mphindi zitatu," anatero mlembi, akutsegula cholembera.

Mwatitha anapempha kuti alembe maina onse atatu. Mlembi anamuonetsa fomu: mzere unali umodzi, ndipo iye analibe mphamvu zoonjezera wina. Zione anati ndiye alembe Nangondo. Nangondo anagwira dzanja la mlembiyo kuti asalembe, kenaka analisiya, kenaka analigwiranso. M'holo anthu anayamba kuomba m'manja mwa kutopa. A Chirambo, amene kandodo kawo kanauma m'mwamba nyimbo ikugwa, anali atavala kale jekete, akukonza tayi pafupi ndi masitepe.

Nthano yanga yaima pamenepa, cholembera chili pamwamba pa mzere.

Inu a komiti, amene munajambula mzere umodzi pa ntchito ya manja ambiri, n'kuzolowera kuudzaza ndi dzina la mwamuna wogwira kandodo, musachoke m'bwalo lino musanatiuze amene anakuphunzitsani kuti nyimbo imabadwa kwa munthu mmodzi. Ndipo inu nonse amene mwamva, mlembi akudikira yankho lanu. Alembe Nangondo, amene anaibereka nyimboyi koma dzina lake likhoza kumupasulira banja? Alembe Mwatitha, amene anaikuza koma anaitenga osapempha? Kapena alembe Zione, amene anaidzutsa itagwa koma sanaiyambe? Mphindi zitatu zikutha: pa mzerewo palembedwe dzina la yani?